Abishopu a Mayi Dulcie

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanafike padenga la butchala, a Dulcie Zadow ankatuluka pakhonde atavala chijasi cha malemu amuna awo, mbale ya nyama yogaya ili m'manja, n'kuigogoda mbaleyo ndi supuni.

"Mapemphero ayamba," ankatero. "Abishopu patsogolo."

Pamenepo magipayi ankatsika m'bulugamu wamkulu wa kuseri kwa mpanda wawo, mbalame zathu zakuda ndi zoyera zija, zokhala ngati khwangwala amene anapita kusukulu ya nyimbo. Iliyonse inali ndi udindo wake. Yaimuna yaikulu, ya mlomo wokhota pang'ono, inali Abishopu. Panali a Dikoni, panali Amayi Busa, ndi ina yowonda, yongokhalira kudandaula, imene ankaitcha Msungichuma.

Mlendo akafunsa chifukwa cha mayinawo, a Dulcie ankayankha maso ali pambale.

"Taziyang'anani. Zavala zakuda ndi zoyera, m'mawa zimakuimbira nyimbo yokoma, ukangomwetulira zayamba kufuna nyama. Kusiyana kwake kuli pati? Komabe izi bola, zikakhuta zimapita."

Tauni yathu ya Burrinda ndi ya Chilutera kuyambira pamene makolo athu anatsika m'sitima. Ngakhale agalu a kuno amadziwa kuti Lamulungu sauwa belu likulira. Koma a Dulcie sankakhulupirira mpingo uliwonse, ndipo sankabisa. Akuti anatuluka m'tchalitchi ali mtsikana, tsiku limene anafunsa pakati pa kalasi kuti ngati Mulungu analenga mapiri, akulephera bwanji kudzigulira kapeti watsopano. Palibe anawayankha, ndiye anapita kwawo kukadikira yankho. Analidikira mpaka imvi.

Amene ankawadziwa bwino kuposa tonse anali a Noeline Heinrich, a nyumba yoyandikana nayo, amene ankaimba limba kutchalitchi. Anali mayi wamanyazi, wopepesa ngakhale kwa mpando akaugunda. Pampanda wa pakati pa nyumba ziwirizo panali thabwa lothothoka, ndipo pabowo limenelo pankadutsa mazira, mandimu ndi chipongwe.

"Iwe Noeline, lero wakamuimbira chiyani bwana wako?"

"Ndakupempherera."

"Wayankha?"

"Akuti ndipitirize, nkhani yako ndi yaitali."

Mbusa watsopano akafika, akulu a mpingo ankamutuma kwa a Dulcie osamuchenjeza, monga amachitira ndi mnyamata watsopano pafamu, kumupatsa hatchi yoponda. Abusa Mickan atafika, a Dulcie anawalandira pakhonde mwaulemu n'kuwalozera mbalame ya mlomo wokhota ija.

"Yambani mwalonjera akuluakulu anu."

Abusawo anali munthu wodziwa kuseka. Anawerama pang'ono kwa Abishopu, anamwa tiyi, kenako anayesa mwayi.

"Koma mayi, tsiku lomaliza simuliopa?"

"Ine ndimaopa Lachiwiri, tsiku lotulutsa mabini a zinyalala. Limenelo ndaliona likubwera."

Anyamata olalikira ogogoda m'makomo aja, a malaya oyera ndi mataye, ena ankawatsekera zitseko, koma a Dulcie ankawatsegulira geti lonse. Ankawauza kuti makutu awo amamva bwino mawu ochokera kumwamba, n'kuwapatsa makwerero ndi ndowa. Anyamatawo ankalalikira ali padenga akuchotsa masamba m'ngalande, a Dulcie ali pansi akufunsa mafunso kuti ulaliki usathe ngalande zisanayere. Akatsika ankawadyetsa masikono a jamu ndi kirimu mpaka mabatani kulimba. A Dulcie sanatembenuke mtima, koma nyumba yawo sinadonthepo.

Zonsezi kunali kuseka chabe. A Dulcie ankanyoza mipingo monga munthu amanyozera timu ya tauni ina, popanda chidani. Chidani chinabwera pamene a Makwerero anatenga Garth.

Garth anali mwana wawo mmodzi yekhayo, wobadwa mochedwa, wokonza mipope, mwamuna wamkulu thupi koma wofewa ngati buledi wam'mawa. Mkazi wake atamusiya, anapita ku Adelaide kukafuna ntchito, ndipo pamsewu wina munthu womwetulira anamufunsa ngati angafune kuyezedwa mtima kwaulere. Ena kuno ankati ndi a Sayentoloji, koma ayi, awa anali ena, kagulu kakang'ono kodzitcha Mpingo wa Makwerero. Ankaphunzitsa kuti munthu amakwera khwerero ndi khwerero mpaka kumasuka ku mantha onse, ndipo anali ndi makina a zitini ziwiri ndi kamuvi koonetsa chimene chikumukokera munthu pansi. Onse ankavala zipewa zachikasu. Kwa a Dulcie dzina silinali nkhani.

"A Sayentoloji, a Makwerero, a kwanu a Chilutera, sitolo ndi imodzi," anauza a Noeline. "Angosiyanitsa zitseko."

Tsiku lina Garth anabwera, chipewa chachikasu kumutu, n'kuima pageti osalowa. A Noeline anali kuseri kwa mtengo wa mandimu, ndipo anamva zonse.

"Amayi, makina aonetsa kuti inu ndinu mtolo wanga."

"Mtolo? Mtolo unali iweyo, ndipo pobadwa unatsogoza matako. Lowa, tiyi akuzizira."

Garth sanaseke. Analankhula ngati mwana amene akubwereza zoloweza, maso ali pamtengo wa geti. Anati munthu sangakwere atanyamula mtolo, ndipo sadzawalankhulanso mpaka atafika pamwamba.

"Pamwamba pa chiyani, mwanawe?"

Iye anali atatembenuka kale.

Madzulo ake a Noeline anawoloka pabowo lija chammbali, chinthu chimene sankachita kawirikawiri chifukwa cha chiuno, n'kuwapeza anzawowo atakhala kukhitchini, makapu awiri ali patebulo, imodzi yodzaza. Anadikira nthabwala, koma sinabwere.

"Ndiwapweteka, Noeline," anatero a Dulcie. "Sindikudziwa kuti motani, koma ndiwapweteka."

Mwayi unabwera wokha. Chaka chotsatira a Makwerero anatsegula nthambi m'tauni mwathu, m'nyumba yakale yophikira buledi, imene khomo lake lili pansi pa bulugamu yemwe uja, mbali ina ya mpanda wa a Dulcie. Woyang'anira anali Todd Lindqvist, mnyamata wochokera ku America, wa mano oyera moti akaseka unkafuna magalasi a dzuwa. Anabweretsanso Garth, poganiza kuti nkhope yodziwika ikopa anthu. Ndiye Garth ankagona pamtunda woti amayi ake akakhosomola ankamva, koma akawaona pamsewu ankawolokera tsidya lina. Tsiku lina m'sitolo anasiya basiketi yodzaza pakati pa mashelefu n'kutulukira khomo la katundu.

A Dulcie anayamba ndi zida zimene anali nazo. Nthawi ya maphunziro a Makwerero ankatchetcha kapinga, ngakhale kapingayo anali atatha kale mpaka dothi. Mphepo ikaloza kukhomo lawo ankatentha masamba aawisi. Todd ankangobwera kumpanda, mano pamtunda.

"Mkwiyo wanu ukutilimbikitsa, mayi."

"Ndili nawo wambiri, mwana wanga. Usadandaule."

Kumapeto kwa dzinja, magipayi atayamba kutola timitengo ta zisa, a Dulcie anaitana pabowo.

"Noeline, ndikufuna chipewa chachikasu chimodzi. Ine sandilola kulowa. Upite ukayezetse mtima."

"Ukufuna ndikabe?"

"Ndikufuna ukabwereke osawauza."

"Dulcie, ine ndimaimba limba."

"Ndiye zala zako n'zofulumira."

A Noeline anakana, anakananso, kenako anavala chipewa chawo cha Lamulungu n'kupita. Pakhomo anapeza Garth atakhala padesiki. Atawaona anadzuka ngati kale, n'kunong'ona.

"Anti Noeline. Kodi akumwa mankhwala awo a mtima aja? Paja amaiwala a..."

Chitseko cham'kati chinatseguka, Todd anatulukira, ndipo Garth anakhala pansi n'kuyamba kusanja mapepala osanjika kale.

Todd anawakhazika a Noeline kutsogolo kwa makina n'kuwagwiritsa zitini. Kuseri kwake, pakhoma, zipewa zinali zitapachikidwa pamisomali. Kamuvi kanalumpha mpaka kumapeto.

"Mayi, pali chimene mukubisa."

"Eya, bambo."

"Mukufuna kuchita chinthu chimene mtima wanu ukukana."

A Noeline anasuzumira pazipewa zija.

"Ndipo pali munthu amene akukukakamizani."

"Alipo."

"Munthu ameneyo ndi mtolo."

"Ngwolemera ndithu, bambo."

Todd anasangalala kwambiri, anapita kukatenga buku loti awagulitse, ndipo pobwera anapeza mayi uja atakhala mowongoka, chikwama atachikumbatira pachifuwa, nkhope ili psuu. Anati kufiira koteroko ndi chizindikiro chabwino.

"Makina aja amagwira ntchito, Dulcie," anatero a Noeline popereka chipewa pabowo. "Anadziwa zonse."

"Thukuta lako likudontha mpaka pano. Ngakhale galu akanadziwa."

Kenako a Noeline anawauza za funso la Garth. A Dulcie anaika chipewa pansi.

"Tanenanso. Ananena kuti chiyani kwenikweni?"

Anawabwerezera, n'kuwabwerezeranso, mpaka mawu aja anatha kukoma ngati chingamu. Kuyambira tsikulo a Dulcie sanaphonyenso mankhwala.

Mawa lake kutangocha, a Noeline ali pawindo anaona munthu wachilendo akuzungulira kunjira ya kuseri. Anali atavala ovolosi, magalasi akuda, mpango wokulunga pakamwa ndi pamphuno, chipewa chachikasu kumutu, tsache lalitali m'manja. Anafika pabulugamu n'kuyamba kumenya thunthu, kugwedeza nthambi, kulozaloza chisa ndi tsache. Abishopu anakalipa mpaka mawu kusasa. Munthu uja anabwerera njira yomwe anadzera, ndipo patapita kanthawi a Dulcie anatuluka pakhonde ndi chijasi chawo cha masiku onse ndi mbale yodzaza kuposa kale.

"Pepani Abishopu, ndamva zonse. Dziko laipa. Ndi anthu a zipewa zachikasu amenewo."

Anachita zimenezi m'mawa uliwonse mpaka mazira anaswa. Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti magipayi akakhala ndi ana amaukira, ndipo saiwala amene anawalakwira. N'chifukwa chake miyezi imeneyo ana asukulu amavala makontena a ayisikirimu kumutu atajambula maso kumbuyo, ndipo anzeru amapereka kanyama pakhonde kuti adziwike. Koma chaka chimenecho magipayi a pabulugamu uja anasiya ana asukulu, anasiya wa positi ndi njinga yake. Ankafuna mtundu umodzi wokha.

A Pech a kubutchala, amene ankaona zonse pawindo lawo, anamumvera chisoni Todd atamuona akuthamangira kugalimoto atawerama.

"Bwana, ingovulani chipewacho. Kapena jambulani maso kumbuyo kwake ngati ana."

"Chipewa ichi ndi chizindikiro cha khwerero langa," anatero Todd. "Munthu akafika pamene ndafika ine, zolengedwa zimamumvera."

"Chabwino. Mukaziuze."

Ndiye panafika tsiku limene a Makwerero analitcha Tsiku la Kuwala. Anaika matebulo panja, pansi pa bulugamu, anamanga mabaluni achikasu, anatulutsa makina aja kuti aliyense ayezedwe. Basi yodzaza inabwera kuchokera ku Adelaide, aliyense chipewa kumutu. Tauni yonse inabweranso, koma inaima tsidya lina la msewu, pakhonde la bala. A Dulcie anafika ndi mpando wopinda, fulasiki ndi masikono, a Noeline ali pambuyo pawo akuyang'ana pansi. Abusa Mickan anati ankangodutsa, koma anadutsa atanyamula mpando wawo.

Todd anakwera pakabokosi n'kutambasula manja.

"Abale ndi alongo, mantha ndi bodza."

Abishopu anatsika kuchokera kumbuyo ngati mwala, mlomo kuti khapa pakhutu. Chipewa chinagwa. Todd anachitola n'kuchivalanso, ndipo apa ndi pamene a Pech anavula chawo mwaulemu. Kenako zinangosokonekera. Amayi Busa anatsata mayi wina mpaka pansi pa tebulo. Bambo wina wamkulu anadziphimba ndi thireyi ya makeke, kirimu akutsikira m'khosi. Wina anathawira m'basi n'kutseka chitseko anzake ali panja akugogoda. Makina aja anagwa, zitini zinagubuduka mumsewu mpaka kukaima pamapazi pa abusa, amene anazitola n'kuziyang'ana pansi pake.

"Izi zinali za mapichesi," anatero.

Todd anaima nji, n'kumuyang'anitsitsa Abishopu m'maso, dzanja lili m'mwamba kuti amulamule. Ndipo mbalameyo inabwereradi m'mbuyo, pakuti magipayi saukira munthu amene akuwayang'ana. Todd anatembenukira kwa ife kuti tione mphamvu ya khwerero lake. Anaiwala kuti Abishopu ali ndi a Dikoni.

A Dulcie anaseka mpaka tiyi kutayikira pachijasi. A Noeline nawo anaseka, dzanja pakamwa, akupempha chikhululukiro chamumtima. Koma iwo ndi amene anayamba kuona chimene ena anali asanachione.

Pakati pa chipwirikiti chonsecho Garth anangoima, chipewa chachikasu kumutu, popanda mbalame yomukhudza. Zinkamulambalala ngati mtengo. Kenako Msungichuma anatera pafupi ndi nsapato yake, anapendeketsa mutu, n'kuyamba kudandaula kwake kuja. Mbalameyo Garth anaidyetsa ndi dzanja lake ili kamwana, itagwa m'chisa. Dzanja lake linapita lokha m'thumba kukafuna kanthu koipatsa.

A Dulcie anadzuka pampando.

"Garth."

Anawayang'ana. Kanali koyamba kuyambira tsiku la pageti lija. Milomo yake inagwedezeka, ndipo a Noeline amalumbira mpaka lero kuti inali kuumba mawu akuti amayi. Koma Todd, mpango wamagazi uli pakhutu, anafika n'kumugwira paphewa, namulowetsa m'nyumba.

Sabata isanathe, nyumba ya buledi inali yotseka, mabaluni ophwa akulendewera pakhomo. Tauni inakondwera. A Pech analengeza kuti nyama ya Abishopu izikhala yaulere mpaka kalekale. Kubala anthu ankayeserera mayendedwe a Todd owerama aja mpaka ena kudzipweteka msana. A Dulcie akamadutsa, amuna ankaimirira.

Koma Garth anapita nawo. Tinamva kwa dalaivala wa basi kuti makina anaonetsa kuti Garth akadali ndi chingwe chomumangirira kwa mtolo wake, mbalame zija ndi umboni, ndiye anamutumiza kulikulu lawo ku Sydney kuti akamutsuke.

A Noeline anawapeza anzawo ataima pampanda akuyang'ana khomo lotseka lija.

"Ndinkadziwa kuti mbalame sizimugwira," anatero a Dulcie. "Ndinkati akaona zimenezo amuthamangitsa, abwera kuno alibe kopita, ndimutukwana pang'ono, tidya. Mpingo wanzeru ukanamuthamangitsa."

"Mwina amuthamangitsabe."

"Ayi. Ndinaiwala chinthu chimodzi. Munthu wokukonzera mipope ulere sumutaya."

Kuyambira pamenepo a Dulcie anayamba kuchepa m'chijasi muja. Chipongwe chinalipobe, koma ankachipereka atakhala pansi. A Noeline anapeza nambala ya ku Sydney ndipo ankaimba kawirikawiri, iwo amene ankachita mantha ngakhale kuimbira wokonza magetsi. Yankho linali limodzi, la mawu okoma a mtsikana: uthenga wanu taulandira. Anzawowo atagonekedwa m'chipatala, anaimba n'kunena mosabisa kuti mayiyu akufa. Uthenga unalandiridwa.

Abusa Mickan ankapita kukawaona, koma ankangowawerengera zotsatira za mpira.

"Mukangoyesa kupemphera, ndidzuka pano," anawachenjeza a Dulcie.

"Ndiye ndipemphere?"

A Dulcie anaseka mpaka namwino anabwera kudzawakalipira onse awiri.

Tsiku lomaliza anali ndi a Noeline okha. Kunali masana, dzuwa lili pakama.

"Iwe Noeline, bwana wako uja, ngati alikodi, umuuze akonzeke. Ndili naye mafunso."

"Ndimuuza."

"Chitsekocho usatseke. Mwina Garth angasochere, zipindazi n'zofanana."

Anamwalira maso ali kukhomo, ndipo a Noeline anakhala nthawi yaitali asanalole namwino kulitseka.

Masiku ano Burrinda ndi tauni yaulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ukutitopetsa. Pamsonkhano wa khonsolo pemphero lotsegulira limatha popanda wokhosomola dala. Abusa Mickan amavomereza okha kuti maulaliki awo afooka, pakuti kale ankawalemba akudziwa kuti pofika masana adzakhala atadutsa pabowo lija n'kubwerera ali zidutswa. Amati okhulupirira ndi abwino, koma samvetsera. Ngakhale ife amene sitinaphonyepo tchalitchi timamva ngati m'tauni muno mwachoka munthu yekhayo amene nkhani za Mulungu ankazitenga kuti n'zofunika kukangana.

Mtembo wa a Dulcie unatenthedwa monga ananenera, ndipo mwambo wowakumbukira unachitikira m'holo ya kalabu ya mpira, Loweruka, popanda nyimbo ya tchalitchi ngakhale imodzi. Phulusa linali m'kabokosi kathabwa patebulo, pakati pa masangweji. Anthu anakamba nkhani zawo, anaseka, analira pang'ono. Mpando umodzi kutsogolo, wosungira Garth, unali wopanda munthu, ndipo aliyense ankayesetsa kusauyang'ana.

Anthu atayamba kubalalika, a Noeline anapita kukhitchini ya holoyo n'kuimbanso nambala ija. Anayankha mtsikana yemwe uja.

"Garth ali pakhwerero lovuta, mayi, sangasokonezedwe. Koma musadandaule za iye. Poti mtolo wamuchoka tsopano, akwera msanga."

"Mwati wamuchoka?"

"Inde, mayi. Ndi nkhani yabwino kwa iye."

A Noeline anathokoza, pakuti sanadulepo foni osathokoza. Anatsuka makapu onse a m'holomo okha, anawapukuta, n'kunyamula kabokosi kaja kupita nako kwawo.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Belu litalira, abusa Mickan anasuzumira kulimba n'kupeza palibe munthu. Anatuluka ndi mkanjo wawo, anawoloka msewu, n'kupeza pikapu yakale ya a Dulcie ili panja, injini ikutsokomola. A Noeline, chipewa cha Lamulungu kumutu, anali atawerama kumpando wa wokwera, akumangirira kabokosi kaja ndi lamba. Mayi ameneyu anali asanayendetsepo galimoto kupitirira mlatho wa pamtsinje.

"Mayi Heinrich, belu lalira."

"Ndalimva, abusa."

"Nanga limba aimba ndani?"

"Muimbe pakamwa."

"Mukupita kuti?"

"Ku Sydney. Akuti mtolo wamuchoka. Ndikukamutula pamiyendo pake, onsewo akuona, ndipo pakhomo pawo sindichokapo mpaka atawalonjera amayi ake."

Abusa anayang'ana mayiyo, anayang'ana matayala, anayang'ana msewu wautali wopita kum'mawa.

"Njira mukuidziwa?"

"Ndizifunsa."

"Ndiye ndikupemphererani."

A Noeline anakoka lamba uja kuti aone ngati walimba, anazungulira n'kukhala pachiwongolero, kenako anatulutsa mutu pawindo.

"Chapansipansi, abusa. Dulcie akumva."

Pikapu inazima isanafike pabutchala, inazimanso pafupi ndi mlatho. Kenako inawoloka.